Kudzutsa akavalo ogona m'injini ya V8

M'chaka cha 1970, munthu wogula Chevrolet Camaro Z28 ku America amalandira galimoto yokhala ndi injini ya malita 5.7, imene kampani idalengeza kuti ili ndi mphamvu za akavalo 360. Patangotha zaka zisanu, Camaro yamphamvu kuposa zonse pamsika idali ndi injini ya malita 5.7 omwewo ndi masilinda asanu ndi atatu omwewo, koma papepala padalembedwa akavalo 155 okha. Kukula kwa injini sikudasinthe. Nanga akavalo oposa 200 adalowera kuti?

Kuyankha funso limeneli kwakhala kukudyetsa amakaniko ndi makampani osula zida za galimoto ku America kwa zaka pafupifupi 50. Kumeneko kuli anthu ambiri amene amathera Loweruka ndi Lamulungu m'magalaja a pakhomo pawo, manja ali bii ndi oilo, kumasula mainjini akale n'cholinga choti atulutse mphamvu zoposa zimene adachoka nazo ku fakitale. Ena zimawayendera. Ena amatsala ndi mulu wa zitsulo zosweka pamodzi ndi ngongole, kaamba koti adathamangira kugula zida asadamvetse chimene chimapatsa injini mphamvu.

Galimoto zimene zimakondedwa pantchitoyi ndi zija amazitcha muscle car, kutanthauza galimoto ya zitseko ziwiri, yapakatikati kukula kwake, imene adaiika injini yoyenera chigalimoto chachikulu. Ambiri amati mtunduwu udayamba ndi Pontiac GTO ya 1964. Kampani ya General Motors idali ndi lamulo loletsa kuika injini yoposa malita 5.4 m'galimoto zapakatikati, koma John DeLorean ndi anzake adalizemba pogulitsa injini ya malita 6.4 ngati chinthu chongoonjezera pa Pontiac Tempest. Chaka choyamba adagulitsa galimoto 32,450, ndipo makampani ena atamva fungo la ndalama adalowa nawo mpikisano. Pofika 1970, Chevrolet Chevelle SS idali itafika pa akavalo 450.

Chisangalalocho sichidakhalitse. M'chaka chomwecho cha 1970 boma la America lidakhwimitsa lamulo loteteza mpweya la Clean Air Act, ndipo zidaonekeratu kuti petulo wothiridwa mtovu, amene mainjini amphamvuwa amadalira, ali m'njira yochoka pamsika. Makampani a inshulansi nawo adakweza mitengo kwa achinyamata oyendetsa galimotozi. Kenaka mu 1973 maiko a Aarabu adaleka kugulitsa mafuta ku America, anthu n'kumaima m'mizere pomwetsera mafuta, ndipo galimoto yomwa petulo ngati ngamila idasowa woifuna.

Komabe si akavalo onse amene adatayikadi. Ena adali apapepala chabe. Kufikira 1971, makampani amayeza injini ili payokha, yopanda sefa ya mpweya, yopanda zochepetsa phokoso la ekizozi. Kuyambira 1972 adayamba kuiyeza itavala zonse monga imakhalira m'galimoto. Z28 ya 1971 idayezedwa m'njira zonse ziwiri: njira yakale idapereka 330, yatsopano 275. Otsalawo ndiye adapitadi, chifukwa injini idatsekedwa mphuno ndi pakamwa, komanso idaleka kupanikiza mafuta ndi mpweya mwamphamvu monga kale. Ntchito yaikulu ya wosintha injini ndi kubweza zinthu ziwirizi.

Kavalo n'chiyani?

Muyeso wa akavalo, umene pa Chingerezi amati horsepower, adautchukitsa ndi James Watt wa ku Scotland pofuna kuuza ogula kuti makina ake oyendera nthunzi alowa m'malo mwa ziweto zingati. Kavalo mmodzi ndi mphamvu yonyamula makilogalamu pafupifupi 76, ngati thumba limodzi ndi theka la chimanga, kulikweza mita imodzi m'sekondi imodzi. Pamuyeso wa magetsi ndi mawati 746.

Injini siitulutsa akavalo mwachindunji. Chimene imachita ndi kupotokola shafuti, monga momwe munthu amapotokolera nati ndi sipanala. Mphamvu yopotokolayi amaitcha torque. Kuti apeze akavalo, amachulukitsa torque, imene ku America amaiyeza m'ma pound-feet, ndi liwiro la kuzungulira kwa injini pamphindi imodzi, n'kugawa ndi 5,252. Injini ikamapotokola ndi ma pound-feet 350 ikuzungulira ka 4,000 pamphindi, ndiye kuti ikutulutsa akavalo 267. Ikatha kusunga 350 yomweyo mpaka kuzungulira ka 6,000, akavalo amafika 400. Choncho njira zilipo ziwiri zokha: kupotokola mwamphamvu, kapena kupitiriza kupotokola pamene injini ikuzungulira mothamanga.

Zonse ziwirizi zimatsamira pa mpweya. Anthu ambiri amaganiza kuti mphamvu ili m'petulo, koma petulo ndi wosavuta kuthira. Chovuta ndi kupeza mpweya womuyatsira. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya, ndipo pofuna mphamvu zambiri amakaniko amachepetsako mpweyawo kufika pa 12.5 kapena 13. Kuthira petulo wopitirira pamenepo n'kungodetsa mapulagi ndi kufukitsa utsi. Injini ya malita 5.7 imayenera kukoka malita 5.7 a mpweya ikazungulira kawiri. Ikamazungulira ka 6,000 pamphindi, masilinda akadzadza bwinobwino, imameza malita oposa 17,000, kapena kuti madiramu 85 a malita 200, pamphindi iliyonse. Mpweya wonsewo uyenera kudutsa pa mavalavu amene amatseguka ndi kutsekeka ka 50 pasekondi. Injini ya 1975 siikadatha kuyandikira n'komwe pamenepo.

Kutsegula njira

Ambiri amayambira ku ekizozi chifukwa ndi kotchipa. Fakitale imaika chitsulo cholemera chimene chimasonkhanitsa utsi wa masilinda anayi pamalo amodzi opanikizika. Wosintha amachichotsa n'kuikapo mapaipi otchedwa headers, silinda iliyonse paipi yakeyake, amene amakakumana patali. Utsi ukamathamanga m'paipi yotere umasiya malo opanda mpweya m'mbuyo mwake, ndipo malowo amathandiza kukoka utsi wa silinda yotsatira. Paipi ikakula mopitirira, utsi umayenda mwaulesi ndipo kukokako kumatha.

Mbali yolowera mpweya ndi imene idalemeretsa banja la Edelbrock. Vic Edelbrock, makaniko wa ku Los Angeles, adagula Ford ya 1932 m'chaka cha 1938 n'kuisulira chitsulo chake chogawira mpweya ku masilinda, chonyamula makabuleta awiri, chimene adachitcha Slingshot. Mpaka lero dzina lake limaoneka pamwamba pa mainjini ambiri osinthidwa. Koma pamenepa ndi pamene ongoyamba kumene amagwa kawirikawiri, poganiza kuti kabuleta yaikulu ndiyo yamphamvu. Kabuleta imayamwa petulo podalira liwiro la mpweya wodutsa pakhosi pake. Khosi likakula kwambiri, mpweya umadutsa pang'onopang'ono, petulo sakokeka bwino, ndipo woyendetsa akaponda moto injini imayamba yatsamwa kaye. Masamu ake ndi odziwika: injini ya malita 5.7 yozungulira ka 6,000 imafuna kabuleta ya muyeso wa 600 kapena 650 CFM. Woikapo ya 850 wataya ndalama kuti galimoto yake iziyenda moipa.

Khomo lopapatiza kwenikweni lili m'hedi, chivundikiro cha masilinda momwe mumakhala mavalavu ndi tinjira ta mpweya. Mahedi a m'zaka za m'ma 1970 adapangidwa pofuna kuchepetsa utsi, osati kupuma. Kale amisiri amathera masiku ambiri akupala tinjirato ndi makina apamanja, ntchito yofuna luso chifukwa kupala malo olakwika kumachepetsa mpweya m'malo mouchulukitsa, ndipo kupyola pang'ono kumaboola njira ya madzi. Lero ambiri amangogula mahedi a aluminiyamu. Amene ali ndi thumba lochepa amasaka mahedi a Vortec, amene General Motors idayamba kuika m'mapikapu mu 1996. Ngakhale adapangidwira galimoto zonyamula katundu, amapuma bwino kuposa mahedi ambiri otchuka a nthawi ya muscle car.

Camshaft, mwini khalidwe la injini

Palibe chida chimene chimasintha khalidwe la injini kuposa camshaft. Ichi ndi chitsulo chachitali chokhala ndi timapiri tooneka ngati mazira, timene timakankha mavalavu kuti atseguke. Msinkhu wa kaphiri ndi umene umanena kuti valavu itseguka motani, ndipo kutambalala kwake kumanena kuti ikhala yotseguka nthawi yaitali bwanji. Ed Iskenderian wa ku California adatchuka kwambiri posema timapiri timeneti, mpaka anthu adamupatsa dzina loti Camfather.

Chinsinsi chake n'chakuti mpweya uli ndi kulemera, ndipo ukayamba kuthamanga suima msanga. Injini ikamazungulira mothamanga, mpweya umapitirira kukhamukira m'silinda ngakhale pisitoni itayamba kale kubwerera m'mwamba. Camshaft ya mpikisano imachedwetsa dala kutseka valavu yolowetsa mpweya kuti ipindule ndi kukhamukaku, ndiponso kwa kanthawi imasiya valavu yolowetsa ndi yotulutsa zili zotseguka limodzi, kuti utsi wotuluka ukoke mpweya watsopano. Zimenezi zimagwira bwino pa kuzungulira ka 5,000 kapena 6,000. Pa liwiro lochepa, mpweya ulibe nyonga yotero, choncho pisitoni imaubweza kumene wachokera ndipo utsi umasakanikirana ndi mafuta. Kumeneko ndiko kumachokera kulira kodukizaduka kumene okonda galimotozi amakunyadira pamalo oimikapo galimoto. Kunena mosabisa, kuliraku ndi chizindikiro chakuti injini ikuvutika kupuma pa liwiro limenelo.

Mtengo wake suthera pakulira. Mabuleki a galimoto zambiri amathandizidwa ndi kuyamwa kwa injini, ndipo camshaft yaikulu imachepetsa kuyamwako, moti buleki imauma pamene munthu akuifuna pamphambano. Galimoto ya magiya osintha okha imayamba kugunyuza kapena kuzima pa maloboti pokhapokha asinthenso chida cholumikiza injini ndi giyabokosi. Masipuling'i akale amalephera kubweza mavalavu munthawi yake, ndipo valavu yochedwa ikakumana ndi pisitoni, nkhani imathera pomwepo. N'chifukwa chake mmisiri wosamala amamata dongo lofewa pamutu pa pisitoni, n'kumanga hedi, n'kuzunguza injini ndi dzanja, kenaka n'kumasulanso kuti ayeze kuya kwa chidindo chimene valavu yasiya m'dongomo. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu imene aulesi amaidumpha.

Palinso msampha wina umene udabwera mwakachetechete. Ma camshaft amtundu wakale amakhuzana mwachindunji ndi zitsulo zimene amakankha, ndipo amatetezedwa ndi mankhwala a zinc a mu oilo. Opanga oilo adachepetsa mankhwalawa chifukwa amaononga zida zoyeretsa utsi za galimoto zamakono. Zotsatira zake, camshaft yatsopano ikhoza kuperepeseka m'mphindi zochepa chabe. Amisiri amathira oilo wapadera, ndipo injini ikangolira koyamba amaisunga pa kuzungulira ka 2,000 kapena 2,500 kwa mphindi 20 mpaka 30 osailola kutsika. Ena amapewa zonsezi pogula camshaft yoyenda pa timawilo, monga Chevrolet idayamba kuchitira m'galimoto zake mu 1987.

Kupanikiza ndi malire ake

Mpweya ndi petulo zikalowa, pisitoni imazipanikiza zisadayatsidwe. Injini ya Z28 ya 1970 imapanikiza magawo 11 kukhala gawo limodzi. Ya 1975 imapanikiza pafupifupi 8.5. Kupanikiza kwambiri kumafinya mphamvu zochuluka m'dontho lililonse la petulo, ndipo amakaniko amawerengera kuti kukwera ndi gawo limodzi kumaonjezera akavalo atatu kapena anayi pa 100 alionse. Phindulo limaoneka lochepa, koma camshaft yaikulu siigwira ntchito popanda ilo, popeza kuchedwa kutseka valavu kumathawitsa gawo la mpweya umene ukadapanikizidwa. Camshaft yaikulu m'injini yopanikiza pang'ono imabala galimoto yaphokoso koma yofooka, imene imapitiriridwa ndi inzake yosasinthidwa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Malire a kupanikiza amaikidwa ndi petulo. Pulagi ikathetheka, moto umayenera kuyenda mwadongosolo kuchoka pakati kupita m'mbali. Kutentha ndi kupanikizika zikapyola muyeso, mafuta otsala m'mbali amaphulika okha moto usadafike, ndipo kuphulikako kumamenya pisitoni ngati nyundo. Kumamveka ngati timiyala tikugubuduzika m'chitini, koma injini yaphokoso imabisa kulirako mpaka pisitoni itasweka kapena gasiketi ya hedi itapsa. Mphamvu ya petulo yokana kuphulika yekha ndi imene imatchedwa octane, ndipo mtovu umathiridwa kuti uikweze. America idaletseratu petulo wamtovu pamsewu mu 1996, ndipo masiku ano pampu yapamwamba imapereka octane 91 mpaka 93. Ndi petulo ameneyu amisiri ambiri sapyola 9.5 pa mahedi achitsulo, kapena 10.5 pa a aluminiyamu, amene amataya kutentha msanga. Mtovu umatetezanso pokhalira mavalavu, choncho mahedi akale amafunika kuikidwa zokhalira zolimba.

Amene sakufuna kulimbana ndi liwiro amangokuza injini. Njira yotchuka pa Chevrolet ndi kutenga buloko ya malita 5.7, kukuza mabowo a masilinda pang'ono, n'kuikamo crankshaft yoponya pisitoni mtunda wa mainchesi 3.75 m'malo mwa 3.48. Injiniyo imafika malita 6.3 ndipo amaitcha 383. Kunja imaoneka chimodzimodzi, koma imakoka mwamphamvu kuyambira pansi, kumene galimoto ya pamsewu imathera moyo wake. Nzeru yodalira kukula kwa injini idafikanso kum'mwera kwa Africa: mu 1970 Basil Green wa ku Johannesburg adayamba kuika V8 ya Ford ya malita 5 m'kagalimoto ka Ford Capri, n'kukatcha Perana.

Mvukuto

Zonse zafotokozedwazi zimadalira mpweya wa chilengedwe kuti udzikankhe wokha kulowa m'silinda, ndipo mpweyawo uli ndi malire. M'mbali mwa nyanja yamchere umakankha ndi mphamvu ya 14.7 psi, koma kumtunda umapepuka, moti injini imataya akavalo pafupifupi atatu pa 100 alionse ikakwera mamita 300. Galimoto ya ku Denver, mzinda umene uli pamtunda wa mamita 1,600, imakhala yofooka kuposa inzake ya ku Los Angeles, monganso ya ku Lilongwe imasiyanira ndi ya ku Beira.

Wosula zitsulo akafuna moto waukali sadikira mphepo, amagwira mvukuto. Supercharger ndi mvukuto wa injini, ndipo kufananaku si kwamwayi, pakuti mtundu wake wotchuka, umene abale awiri a banja la Roots a ku Indiana adaulembetsa mu 1860, umagwiritsidwa ntchito kuuzira ng'anjo zosungunulira chitsulo. Othamangitsa galimoto adayamba kuzula mivukuto yotere pa mainjini a dizilo a General Motors, makamaka wotchedwa 6-71, n'kuikhazika pamwamba pa V8 mpaka kutulukira pa boneti. Mvukuto ukaonjezera 7 psi, papepala mpweya umachuluka ndi pafupifupi theka. Zenizeni zake phindu limacheperapo, chifukwa lamba woyendetsa mvukutowo amadya gawo la mphamvu, ndipo mpweya wopanikizidwa umatentha n'kufufuma.

Turbo imachita ntchito yomweyo koma imazunguzidwa ndi utsi wa ekizozi m'malo mwa lamba. Buick GNX ya 1987, ya masilinda asanu ndi limodzi okha koma yokhala ndi turbo, idachititsa manyazi galimoto zambiri za V8 za nthawi yake. Njira yachidule kuposa zonse ndi botolo la nitrous oxide, mpweya umene ndege zankhondo za Germany zidagwiritsapo ntchito pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mwa magawo 100 a kulemera kwake, 36 ndi okosijeni, pamene mpweya wamba uli ndi 23. Kudina batani kumatha kuonjezera akavalo 100 nthawi yomweyo. Koma petulo woonjezera akapanda kufika limodzi ndi mpweyawo, mwina kaamba ka pampu yotopa kapena sefa yotsekeka, moto umatentha ngati wowotcherera zitsulo ndipo pisitoni imabooka m'masekondi ochepa.

Chimene chimayamba kusweka

Injini ya fakitale idapangidwa kuti ipirire mphamvu zimene idabwera nazo, ndi kachigawo kena kongotetezera. Mphamvu zikachuluka, chofooka kuposa zonse chimadziulula. Mapisitoni othiridwa m'chikombole amasweka ngati mbale yadothi, n'chifukwa chake amalowedwa m'malo ndi osulidwa, amene amapirira nkhonya. Timabawuti tomanga mikono ya mapisitoni timatamuka injini ikazungulira mopyola, ndipo mkono ukaduka umaboola buloko n'kutulukira kunja. Ngakhale kampata kakang'ono ka pakati pa nsonga za ring'i ya pisitoni n'kofunika. Ring'i ikatentha imatalika, ndipo nsonga zikagundana imathyola mutu wa pisitoni. Woika mvukuto kapena nitrous amakhala pansi ndi tupa n'kukuza kampatako pa ring'i iliyonse, imodziimodzi.

Makampani enieni amachita chimodzimodzi. Dodge itatulutsa Challenger Hellcat ya 2015, ya akavalo 707, idaika supercharger koma idasunga kupanikiza pa 9.5 ndi kulimbitsa zam'kati mwa injini. Idaperekanso makiyi awiri: ofiira otsegula mphamvu zonse, ndi akuda amene amaimitsa injini pa akavalo 500, oyenera kupatsa munthu wobwereka galimoto.

Galimoto yakale ilibe nzeru zotere zoteteza mwini wake. Akavalo 450 amadutsa pa kilatchi, giyabokosi, shafuti ndi difu zimene zidapangidwira 155. Matayala akangogwira bwino msewu, mano a m'difu amagumuka, ndipo n'chifukwa chake ngakhale okonda Chevrolet amameza manyazi n'kuika difu ya Ford yotchedwa 9-inch, yodziwika ndi kulimba. Rediyeta nayo imachepa, popeza gawo lalikulu la mphamvu za petulo limasanduka kutentha. Choopsa kwambiri ndi mabuleki. Muscle car zambiri za m'ma 1960, kuphatikizapo GTO yoyamba ija, zidatuluka ndi mabuleki a diramu mawilo onse anayi, amene amafooka akatentha. Amisiri odziwa ntchito amalangiza kuyamba ndi mabuleki, matayala ndi mashoko injini isadakhudzidwe, koma uphungu umenewu sukoma m'khutu chifukwa mabuleki salira.

Pomaliza injini imayenera kuchunidwa, ndipo khutu lokha silikwanira. Imamangidwa pa makina oyezera otchedwa dyno, pamene mmisiri amasintha kuchuluka kwa petulo ndi nthawi yothetheka pulagi pang'onopang'ono, akuyang'ana manambala. Makina oyezera pa mawilo amapereka nambala yotsikirapo, kawirikawiri ndi magawo pafupifupi 15 pa 100, chifukwa mphamvu zina zimatayika m'magiya. Eni galimoto ambiri amene amauza anzawo kuti ali ndi akavalo 500 abwerako ku makinawa ali chete.

Lamulo ndi nambala za pabuloko

Lamulo la Clean Air Act limaletsa kuchotsa kapena kupha zida zochepetsa utsi pa galimoto yoyenda pamsewu. Ku California, kumene amakhwimitsa kuposa kwina konse, zida zambiri zoonjezera mphamvu zimayenera kukhala ndi nambala ya chilolezo ya bungwe la California Air Resources Board. Galimoto zambiri za 1976 kupita mtsogolo zimakayezedwa utsi zaka ziwiri zilizonse, pamene za 1975 kubwerera m'mbuyo siziyezedwa. Motero Camaro yofooka ya 1975 ija imasakidwa ndi osintha mainjini kuposa ya 1976, ngakhale kusayezedwa sikutanthauza kuti kuchotsa zidazo kwaloledwa.

Kwa amene ali ndi galimoto yosowa, nkhawa yaikulu ndi ndalama. Mu 2014, Plymouth Hemi Cuda yotseguka denga ya 1971 idagulidwa pa madola 3.5 miliyoni pa okushoni ya Mecum ku Seattle, ndipo chimodzi mwa zimene zidakweza mtengo n'chakuti idali ndi injini yake yeniyeni ya ku fakitale. Ogula galimoto zotere amayang'ana nambala zodindidwa pa buloko kuti aone ngati zikugwirizana ndi za galimoto. Pa Chevrolet nambalazi zili pa kachigawo kosalala kutsogolo kwa buloko, pamzere umodzi ndi pamene pamakhala hedi ya kumanja. Mmisiri akapala pamwamba pa buloko kuti pawongoke kapena kuti injini izipanikiza kwambiri, makina amatha kusesa nambalazo m'kudutsa kumodzi, ndipo sizingabwezedwenso mwachilungamo.

Pachifukwa chimenechi eni Z28 ya 1970 ndi zinzake zosowa kawirikawiri sakhudza injini yobadwa nayo. Amaitsitsa, n'kuithira oilo m'masilinda, n'kuikulunga pulasitiki pakona pa galaja. M'galimoto amaikamo injini ina yogula yomangidwa kale, monga ZZ4 imene General Motors inkagulitsa kale, ya malita 5.7 ndi akavalo 355, kapena injini ya mtundu wa LS ya malita 5.3 yozulidwa m'pikapu yangozi kumalo ogulitsa zigoba. Imeneyo ndiyo amaiika camshaft, mvukuto ndi botolo, ndipo ikaphulika amakagula ina. Tsiku logulitsa galimoto, yakale ija imatuluka m'pulasitiki n'kubwerera pamalo pake.